Kodi Kafukufuku Ndiye Chiphaso Cholowera ku Sukulu ya Udokotala?

Tchuthi chapitachi tidali kwathu ku Kasungu, nyengo imene zigafa zimakhala zodzaza ndipo khomo lililonse limanunkha fodya wouma. Tsiku lina madzulo tikuthandiza kusankha masamba, atsibweni adatiitanira kuseri kwa chigafa. Nkhani idali ya mwana wawo wamkazi, msuweni wathu, amene ali Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera, ndipo chiyambire ku pulayimale amanena kuti adzakhala dokotala.

"Iwe, poti uli ku koleji, tandiuza," adatero atsibweni. "Mwanayu akuti popanda pepala la kafukufuku sangamutenge ku udokotala. Akuti kuli anthu amene amaphunzitsa pa foni n'kupereka pepalalo, koma amafuna madola. Ndikagulitsa ku Chinkhoma ndipatule mabelo awiri?"

Amene adakulira kolima fodya akudziwa kulemera kwa funso limeneli. Belo limodzi limayambira ku nazale m'mwezi wa Seputembala, kuthirira m'mawa ndi madzulo dzuwa likuswa mtengo. Kenako kuwokera mvula ikagwa, feteleza wa ngongole, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kusankha, mpaka kudinda pa jeke. Mabelo awiri ndi thukuta la banja lonse. Tidawapempha atsibweni kuti ayambe adikira, poti safunsa adadya phula. Titabwerera ku sukulu tidafunsa anzathu amene akuphunzira za umoyo, tidawerenganso zimene boma limalengeza posankha ophunzira. Tikulemba pano zimene tidapeza chifukwa tikudziwa kuti m'mipingo mwathu muli makolo ndi achinyamata ambiri amene ali ndi funso lomweli.

Mmene amasankhira kuno kwathu

Kwa wophunzira amene akuchokera ku sekondale m'Malawi muno, kafukufuku sali m'gulu la zinthu zimene amaziyang'ana posankha opita ku udokotala. Amayang'ana zotsatira za mayeso a MSCE.

Sukulu ya boma yophunzitsa madokotala idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndi dzina loti College of Medicine, pansi pa University of Malawi, ndipo malemu Pulofesa John Chiphangwi adali m'modzi mwa amene adalimbikira kuti ikhalepo. Mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri timangoti KUHeS. Wofuna kulowa kumeneko kuchokera ku Fomu 4 amadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lija timati NCHE, limene limayendetsa ntchito yolandira makalata a ofuna malo m'sukulu zonse za ukachenjede za boma. Pa fomu yake munthu amalemba za iye mwini, zotsatira za mayeso ake, ndi maphunziro amene akufuna motsatira mtima wake. Sapempha nkhani yofotokoza moyo wako, kalata ya pulofesa, kapena pepala losonyeza kuti udachitapo kafukufuku.

Pa MSCE, imene amalembetsa a MANEB, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa, ndipo 9 ndiko kulephera. Mapointi a munthu amawerengedwa kuchokera ku maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, n'chifukwa chake amene wapeza mapointi 6 amatchulidwa pa wailesi. Kuti aganiziridwe ku yunivesite, wophunzira amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku udokotala amayang'anitsitsa Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Motero kungokwanitsa makirediti sikokwanira. Amene amasankhidwa ndi aja achita bwino koposa anzawo pa maphunziro a sayansiwa. Ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera boma limene munthu akuchokera, boma lidalengeza kuti yatha mu 2020.

Wosankhidwa kuchokera ku MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera chimene amachitchula kuti premed, ndipo ayenera kuchikhoza kuti apitirire ku zaka zisanu za digiri ya MBBS. Amene ali ndi A-Level yabwino ya sayansi, monga imene amalemba ku Kamuzu Academy ku Mtunthama konkuno ku Kasungu, amatha kuganiziridwa kuti ayambe chaka choyamba osadzera ku premed. Ngakhale kwa iwowa, chimene chimalankhula ndi magiredi. Zofunika zenizeni zimalembedwa m'chidziwitso cha NCHE chaka chilichonse, ndipo ndi bwino kuchiwerenga nokha m'malo mongomva za m'maluwa.

Nanga nkhani ya kafukufukuyi ikuchokera kuti?

Msuweni wathu sadanamizidwe kotheratu. Zimene adamva n'zoona ndithu, koma ndi za ku America. Kumeneko munthu salowa sukulu ya udokotala akangomaliza sekondale. Amayamba watenga digiri ya zaka zinayi, kenako amalemba mayeso otchedwa MCAT, ndiye n'kupempha malo. Pa zaka zinayizo amakhala ali pa yunivesite imene ili ndi malabotale ndi aphunzitsi ochita kafukufuku, choncho n'chapafupi kuti wophunzira athandizeko ntchito ya pulofesa wake. Popempha malo amalemba nkhani ya moyo wake, amatumiza makalata a umboni, amandandalika zimene wachita kunja kwa kalasi, ndipo amaitanidwa kukafunsidwa mafunso. Apa ndiye pamene kafukufuku amalowera. Sukulu zimene zimatchuka ndi kafukufuku zimamuwerengera kwambiri, makamaka kwa amene akufuna digiri ya udokotala pamodzi ndi ya PhD. Zina zimayang'ana kwambiri ngati munthuyo adatumikirapo odwala ndi anthu ovutika. Loma Linda University ya ku California, imene ambiri a ife timaimva kutchulidwa, imatsatira njira yomweyi yoyamba ndi digiri ndi MCAT.

Njira imeneyi si ya lero. Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa konkuno ku Kasungu, adayamba watenga digiri ku University of Chicago mu 1931, ndipo udokotala adaumaliza ku Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville, mu 1937. Dr Daniel Sharpe Malekebu, amene adadzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu, adamaliza pa sukulu yomweyo ya Meharry mu 1917.

Ku Britain zinthu n'zosiyananso. Ambiri amalowa kuchokera ku A-Level, amalemba mayeso ena oyesa kaganizidwe, ndipo pofunsidwa mafunso amafuna kuona ngati munthu akudziwa kuti ntchito yosamala odwala imakhala yotani. Dziko lililonse lili ndi khomo lakelake. Vuto ndi loti makanema ambiri amene amafika pa mafoni athu amapangidwa ndi achinyamata a ku America polangiza anzawo a komweko, ndipo sanena kuti malangizowo sakukhudza mwana wa ku Santhe kapena ku Chulu. Anthu ochenjera amapezerapo mpata wogulitsa masatifiketi amene sangawonjezere ngakhale pointi imodzi pa fomu ya NCHE.

Kafukufuku weniweni amaoneka bwanji?

Tisanapitirire, ndi bwino timvetsetsane za mawu akuti kafukufuku. Ambiri tikamva mawuwa timaganiza za munthu wovala chovala choyera ali ndi makina odula. Koma mtima wake wa kafukufuku ndi kufunsa funso lomveka, kusonkhanitsa umboni mwadongosolo, ndi kuvomereza yankho ngakhale litasiyana ndi zimene umayembekezera.

Titenge chitsanzo cha kumunda kwathu. Aliyense amene adathyolapo fodya m'mamawa mame asanakamuke amadziwa kuti masiku ena umabwerako mutu ukuwawa, uli ndi chizungulire ndi nseru, mwina mpaka kusanza. Kumudzi ena amati ndi njala, ena amati ndi dzuwa, ena amati malungo akuyamba. Madokotala amawatchula matendawa kuti green tobacco sickness. Chimene chimachitika n'choti nikotini amene ali m'tsamba amasungunuka m'madzi a mame kapena a mvula, ndipo tsamba lonyowalo likamakhudza khungu kapena kunyowetsa malaya, nikotiniyo amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amene sadasutepo ndudu amadwala ngati wasuta zambiri nthawi imodzi. Ana ndiwo amavutika msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Mu 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, limene lidachititsa kuti vutoli likambidwe m'mayiko ambiri.

Tsono munthu angadziwe bwanji kuti mutu wa lerowu wabwera ndi fodya wonyowa osati njala? Ayenera kuyerekeza. Alembe masiku amene anthu athyola masamba onyowa ndi masiku amene athyola ouma. Alembe amene adya phala asanapite kumunda ndi amene sadadye, amene avala zotchinga m'manja ndi amene sadavale, komanso ngati m'mundamo mwapoperedwa mankhwala posachedwa, poti mankhwala ophera tizilombo nawonso amabweretsa zizindikiro zofanana. Awerenge anthu okwanira, chifukwa zimene zachitikira anthu awiri zikhoza kukhala mwangozi chabe. Akatero ndiye angayambe kunena kanthu. Kafukufuku wa mtundu umenewu ndi amene adatiphunzitsa njira zodzitetezera zosafuna ndalama zambiri: kudikira kuti mame akamuke, kuvala zotchinga madzi, kusintha zovala zikanyowa, kusamba ndi sopo pochokera kumunda, ndi kusalola ana kugwira ntchitoyi.

Luso loganiza motere ndi limene dokotala amagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Mwana akabwera ndi thupi lotentha, dokotala sangothamangira kunena kuti ndi malungo. Amafunsa, amapima, amayeza magazi, n'kumachotsa chimodzichimodzi zimene sizikugwirizana ndi umboni. Luso limeneli silibwera ndi pepala logula.

Pamene kafukufuku amayamba kuwerengedwa

Tikati kafukufuku safunika polowa, sitikunena kuti alibe ntchito pa udokotala. Munthu akangolowa, amakumana naye. Ophunzira a MBBS amaphunzitsidwa njira zochitira kafukufuku ndi kawerengedwe ka ziwerengero za umoyo wa anthu, ndipo asanamalize amachita kafukufuku wawo moyang'aniridwa ndi aphunzitsi. Akamaliza digiri n'kugwira ntchito yoyamba moyang'aniridwa m'zipatala zikuluzikulu, kenako n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ambiri amafuna kupitiriza kuti akhale akatswiri a matenda a ana, a amayi, a opaleshoni, kapena a umoyo wa anthu onse. Pa khomo lachiwirili ndiye pamene mbiri ya kafukufuku imalemera. Opereka thandizo la maphunziro a Masters ndi PhD amafuna kuona zimene munthu adafufuzapo ndi zimene adasindikiza.

Mwayi wake ndi woti dziko lathu, ngakhale ndi losauka, ndi limodzi mwa malo odziwika pa kafukufuku wa matenda. Pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali Malawi-Liverpool-Wellcome Programme imene idayamba mu 1995. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, kuli UNC Project. Ku Karonga anthu akhala akutsatiridwa umoyo wawo kwa zaka zambiri pa ntchito imene idayamba ndi matenda a khate. Mabungwe ngati amenewa amalemba ntchito achinyamata omaliza maphunziro, ndipo ena amawatumiza kukapitiriza sukulu.

Zipatso zake tonse tidazilawapo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pogwira ntchito ndi ana odwala malungo a mu ubongo ku Queen Elizabeth, adakonza njira yopimira kuti mwana wakomoka mozama bwanji poyang'ana maso ake, kulira kwake, ndi mmene akusunthira akamva kuwawa. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Mu 1993 Malawi adakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo n'kuyamba Fansidar, chifukwa umboni udasonyeza kuti chloroquine wasiya kupha tizilombo. Mu 2007 tidasinthanso n'kuyamba LA amene timalandira lero. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene ena mwa mabanja otengapo mbali adali a ku Lilongwe ndi Blantyre, adasonyeza kuti munthu amene ali ndi HIV akayamba msanga ma ARV, mwayi wopatsira mnzake umatsika ndi 96 peresenti. Chaka chomwecho Malawi adayambitsa ndondomeko ya Option B+, yoika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV pa mankhwala kwa moyo wake wonse, imene mayiko ena adadzatengera. Mu Epulo 2019 dziko lino lidakhala loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana pa ndondomeko yoyeserera ya bungwe la WHO.

Ngakhale kuno kwathu mafunso alipo ambiri oyembekezera wowafufuza. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, monganso ya ku Nkhotakota ndi ku Vwaza, imadziwa za kashembe ndi matenda a kaodzera. Mabanja a m'maesiteti amasamuka chaka ndi chaka, ndipo mwana wa banja lotere savuta kuphonya katemera. Dokotala amene adakulira m'malo otere amadziwa mafunso amene mlendo sangawaganizire.

Chenjezo kwa achangu

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchinena mosabisa. Kafukufuku wokhudza matupi a anthu sachitika mwachisawawa. M'dziko muno amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otengapo mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku KUHeS. Munthu aliyense wofunsidwa ayenera kufotokozeredwa bwino ndi kuvomera mosakakamizidwa, ndipo za matenda ake ziyenera kusungidwa mwachinsinsi. Wophunzira wa sekondale sayenera kuyendayenda m'midzi kufunsa anthu za matenda awo, kutenga magazi, kapena kupempha kuona mabuku a odwala kuchipatala pofuna kudzipangira mbiri. Kuwonjezera pa kulakwira anthu, akhoza kudziika pa ngozi. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongowakayikira. Chikhulupiriro cha anthu pa ntchito za umoyo chimamangidwa kwa zaka zambiri, ndipo chimagumuka tsiku limodzi.

Zimene wa sekondale angachite lero

Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa wophunzira wa Fomu 3, fodya wa pamphuno ndi silabasi imene ili m'manja mwake. Maola amene angathere pa maphunziro a pa foni ndi omwewo amene akadathera pa Masamu ndi Chemistry, ndipo pointi imodzi ikhoza kusiyanitsa wosankhidwa ndi wotsala.

Komabe pali kafukufuku wamng'ono amene amalowa ndithu m'magiredi. Maphunziro a sayansi pa MSCE ali ndi pepala la zochitachita, pamene wophunzira amayenera kupima, kuyang'anitsitsa, kujambula chimene waona, kulemba ziwerengero m'tebulo, kujambula girafu ndi kufotokoza tanthauzo lake. Apa ndi pamene ana a m'sukulu zopanda labotale amatayira malikisi ambiri. Ife tidali ndi mwayi wophunzira pa sekondale ya mpingo imene idali ndi kachipinda ka sayansi, komabe zida zina tidazigwira koyamba mayeso atayandikira, ndipo manja ankanjenjemera. Msuweni wathu sadagwirepo maikulosikopu chiyambire. Ngati banja lili ndi ndalama yochepa yothandizira mwana, ndi bwino imulipirire ulendo wokachita zoyeserera pa sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labotale, mogwirizana ndi aphunzitsi ake, kusiyana ndi kugula pepala lachilendo.

Zina sizifuna ndalama n'komwe. Kope limodzi ndi pensulo n'zokwanira. Dulani botolo la pulasitiki, liikeni pabwalo, ndipo muzilemba mvula ya tsiku lililonse nyengo yonse. Bzalani mbewu za chimanga 100, zina m'dothi la manyowa zina m'dothi wamba, muwerenge zimene zamera ndi kupima kutalika kwake sabata iliyonse. Pimani kulemera kwa masamba a fodya ongothyola kumene, mudzawapimenso akauma, muwerengetse kuti madzi adali mbali yaikulu bwanji. Mukatero mwachita Biology, Masamu ndi Agriculture pa nthawi imodzi, ndipo mwaphunzira kusanama pa ziwerengero, khalidwe limene limafunika kwambiri kwa dokotala.

Sitifunika kupita kutali kuti tipeze chitsanzo. William Kamkwamba wa kwa Wimbe adasiya sekondale nthawi ya njala ya 2002 chifukwa makolo ake adalibe fizi. Ankapita ku kalaibulale ka pafupi ndi kwawo, adapeza buku la za mphamvu ya magetsi, ndipo ndi zitsulo zotola pamodzi ndi njinga ya bambo ake adamanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi pakhomo pawo. Adayesa, adalephera, adakonza, adayesanso. Palibe amene adamupatsa satifiketi ya kafukufuku pa nthawiyo. Koma onaninso kuti mwayi utapezeka adabwerera m'kalasi, mpaka adamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Chidwi chidamutsegulira njira, koma sukulu adailowabe ndi kuimaliza.

Chinanso chothandiza ndi kudziwa ntchito imene ukuilakalaka. Chezani ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, thandizani kukonza malo pa tsiku la sikelo ya ana ngati akulolani, pitani ndi a mpingo kukazonda odwala. Ena amakonda dzina loti dokotala koma sapirira fungo la m'wodi kapena kulira kwa mayi amene wataya mwana. Kuzindikira zimenezi uli ku Fomu 3 n'kwabwino kusiyana ndi kuzizindikira utatha zaka zitatu ku Blantyre.

Khomo likatsekeka

Tiyeneranso kunena zoona kuti ambiri amene amafuna MBBS sasankhidwa, kuphatikizapo ena amene akhoza bwino ndithu. Izi sizitanthauza kuti ntchito yothandiza odwala yatha. M'zipatala za m'maboma ndi za m'midzi, odwala ambiri amaonedwa ndi ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino. M'maboma ambiri, mayi amene walephera kubereka bwino amachitidwa opaleshoni ndi clinical officer. Maphunziro amenewa amapezeka ku Malawi College of Health Sciences, ku Malamulo College of Health Sciences ku Thyolo, ndi m'makoleji ena a mipingo. Ku KUHeS komweko kulinso maphunziro a zamankhwala, a za labotale, a unamwino ndi uzamba, ndi a zolimbitsa ziwalo. Amene wayamba ndi dipuloma amatha kudzapitiriza mpaka digiri atagwirako ntchito, ndipo pa nthawiyo zaka za ntchito ndi zimene adachita kuchipatala zimawerengedwa. Anthu ambiri amene amayendetsa kafukufuku tsiku ndi tsiku, kulandira otengapo mbali, kuyeza magazi ndi kusunga ziwerengero, ndi anamwino, ma clinical officer ndi a m'labotale.

Ena amasankha kubwereza mayeso a MSCE kuti atsitse mapointi. Imeneyonso ndi njira, bola munthu ayambe waona m'chidziwitso cha chaka chimenecho kuti amalandira zotsatira za zaka ziti ndiponso zolembedwa kangati. Pa nkhani ya fizi, wosankhidwa ku yunivesite akhoza kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, koma ndalama zina, monga za mayendedwe, zimagwerabe banja. Mabelo awiri aja adzafunika kwambiri pa nthawi imeneyo.

Mbali yathu ife aphunzitsi a mawa

Nkhaniyi idatikhudza chifukwa pasanathe zaka zambiri ife amene tikuphunzira za uphunzitsi tidzaima kutsogolo kwa ana ngati msuweni wathu. Ambiri tidzatumizidwa ku sukulu zoyendera zimene zilibe labotale, zilibe mlangizi wa za ntchito, ndipo makolo ake sadafikeko ku Fomu 4. Kwa mwana wotere, mphunzitsi ndiye amene angamuuze kuti asasiye Physics ndi Chemistry ku Fomu 3 ngati akufuna za umoyo, poti ambiri amazindikira izi atalemba kale mayeso. Mphunzitsi ndiye angamate chidziwitso cha NCHE pakhoma n'kuthandiza ana kudzaza fomu mosamala, kuti asalembe udokotala wokhawokha osasiya mpata wa maphunziro ena. Mphunzitsi ndiyenso angatulutse kalasi panja n'kuuza ana kuti apime, awerenge, alembe, m'malo mongokopera manotsi. Akulu a mipingo nawonso angathandize poitana namwino kapena clinical officer wa mumpingo momwemo kuti adzacheze ndi achinyamata.

Tidawaimbira foni atsibweni n'kuwafotokozera zonsezi. Adakhala chete pang'ono, kenako adaseka. "Ndiye ndikadagula mphepo," adatero. Atagulitsa ku Chinkhoma adagula mabuku a Biology ndi Chemistry, nyale ya sola yowerengera usiku, ndipo adasunga padera ndalama ya mayeso ya chaka chamawa. Msuweni wathu poyamba sadakondwe, chifukwa anzake ena adali atalembetsa kale maphunziro a pa foni aja. Patapita masabata angapo adatitumizira uthenga: "Asuweni, mwa mbewu 100 zija zamera 87, koma za m'manyowa zatalika kuposa zinazo. Girafu yake ndijambule ya mizere kapena ya mipanda?" Tidamuyankha kuti ayese zonse ziwiri, kenako atiuze imene ikuonetsa bwino kusiyanako ndi chifukwa chake.